Absinthe wabwino amadziwika ndi madzi: zoyenera kuona pogula botolo loyamba

Pashelefu ya sitolo ya mowa ku London, Johannesburg kapena pabwalo la ndege, mabotolo a absinthe amakonda kukhala amitundu iwiri. Lina limakhala lagalasi loonekera, mowa wake uli biriwiri ngati sopo wamadzi wotsukira mbale, papepala lake atajambulapo kamkazi kamapiko, ndipo manambala 80% ndi mawu oti thujone, dzina la chinthu china chopezeka m'chitsamba chopangira mowawu, atawalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Linalo ndi botolo lakuda losaonetsa za m'kati, pepala lake losakopa maso, mtengo wake wokwererapo. Ambiri ogula koyamba amatenga loyambalo, kukalawa kunyumba nkumva kuwawa kosachoka pakhosi, basi nkulumbira kuti absinthe ndi mowa woipa. Chikhalirecho sanamulawe nkomwe.

Gwero la chisokonezochi ndi lakuti dzina loti absinthe lilibe mwini. Whisky wa ku Scotland kapena cognac ali ndi malamulo onena momwe ayenera kupangidwira, koma m'mayiko a European Union mulibe lamulo lofotokoza kuti absinthe nchiyani kwenikweni. Mu 2013 nyumba yamalamulo ya ku Ulaya inakana tanthauzo lomwe linabweretsedwa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Dziko la Switzerland ndi lomwe lili ndi lamulo lomveka: mowawu uyenera kutchezedwa kuchokera ku zitsamba zoviikidwa, ndipo uzichita mbuu ukathiridwa madzi. Dzina loti Absinthe de Pontarlier, la absinthe wa m'dera la tauni ya Pontarlier ku France, nalo lakhala lotetezedwa kuyambira 2019. Kwina konseku munthu atha kusakaniza mowa woyera, mafuta onunkhiritsa ndi utoto, nkumata dzinalo popanda womufunsa. Ntchito yosiyanitsa yatsala ndi wogula.

Momwe amapangidwira

Amene anaonapo kutcheza kachasu sangavutike kumvetsa. Kusiyana kwake nkwakuti mumphika wa absinthe samaikamo zofufumitsa. Amayamba ndi mowa woyera waukali kale, wa 85%, wochokera ku mphesa kapena ku mbewu zina, nkuviikamo zitsamba zouma kwa maola 12 kapena kuposerapo. Kenako amathiramo madzi, nkutcheza pang'onopang'ono mumphika wamkuwa. Zoyamba kutuluka ndi zomalizira amazipatula, chapakati ndiye absinthe.

Zitsamba zosasowa ndi zitatu. Choyamba ndi Artemisia absinthium, chitsamba chowawa chomwe chinapereka dzina. Ndi chamtundu umodzi ndi Artemisia annua yomwe amapangira mankhwala a malungo komanso umhlonyane wa ku South Africa, koma si chimodzimodzi, ndipo sizilowana m'malo. Chachiwiri ndi njere za anise wobiriwira, chachitatu ndi njere za fennel. Buku la otcheza mowa la Duplais, la m'zaka za m'ma 1800, limapereka muyezo wa ku Pontarlier motere: pa malita 95 a mowa wa 85%, Artemisia makilogalamu 2.5, anise makilogalamu 5, fennel makilogalamu 5. Taonani pamenepo: njere zonunkhira zikuchuluka kanayi kuposa chitsamba chowawacho. Absinthe weniweni ndi mowa wa anise. Ngati fungo la anise, lomwe limafanana ndi la maswiti akuda a liquorice, limakunyansani, sungani ndalama zanu, chifukwa palibe botolo labwino lopanda fungo limeneli.

Nanga kuwawa kumapita kuti? Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chinthu chowawitsa Artemisia chimatchedwa absinthin, ndipo sichikwera ndi nthunzi. Potcheza chimatsalira mumphika pamodzi ndi zinyalala, pomwe fungo la chitsambacho, lozizirira ngati la timbewu tonunkhira ta m'phiri, limadutsa nkukalowa m'mowa. Nchifukwa chake absinthe wotchezedwa amangowawa pang'ono pomalizira, kuwawa kokoma ngati kwa tiyi wopanda shuga. Wongoviika chitsamba m'mowa osatcheza amatenga kuwawa konse. Timapaketi ta zitsamba togulitsidwa pa intaneti, toti muviike mu vodka kwa masiku angapo, timatulutsa zimenezi: madzi owawa ngati kwinini, osagwirizana ndi absinthe ngakhale pang'ono.

Njira ina yachidule ndi yosakaniza mozizira. Fakitale imagula mafuta okamulidwa kale ku zitsamba, nkuwadontheza m'mowa woyera, nkuwonjezera utoto, nthawi zina ndi shuga. Si poizoni ayi, koma kukoma kwake kumakhala kosalumikizana: anise amafuula yekha, kuwawa kumabwera pakokha, mowa nkumawotcha pambali.

Zotuluka mumphika zimakhala zoyera ngati madzi. Akazithira m'botolo choncho, atatsitsa ukali wake ndi madzi, amamutcha blanche, kapena la Bleue ngati ndi wa ku Switzerland. Kuti akhale verte, wobiriwira uja, pali sitepe ina. Amatenga gawo la mowawo, kuutenthetsa pang'ono pamodzi ndi Artemisia pontica yomwe siwawa kwambiri, hyssop ndi melissa, nkusefa, nkubwezera. Muyezo wa Duplais uja umati pontica kilogalamu imodzi, hyssop kilogalamu imodzi, melissa theka la kilogalamu. Kubiriwira kumachokera m'masamba enieniwo, ndipo pamodzi ndi mtundu pamabweranso kafungo ka udzu womwetedwa kumene. Ukali wa verte umakhala pakati pa 60% ndi 72% kawirikawiri, chifukwa mowa wofooka sugwira kubiriwira kwa masamba nthawi yaitali. Si kudzionetsera ayi.

Nthano ya thujone

Ogulitsa mabotolo oipa amadalira nthano imodzi: yoti absinthe amaonetsa masomphenya. Kuti muimvetse nthanoyi muyenera kudziwa komwe inachokera.

Mowawu unayambira m'chigwa cha Val-de-Travers ku Switzerland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mu 1805 Henri-Louis Pernod anatsegula fakitale ku Pontarlier, tsidya la France la malire. Asilikali a France omwe anali ku Algeria m'ma 1840 ankapatsidwa absinthe poganiza kuti amateteza ku malungo ndi matenda a m'mimba, ndipo anabwerera kwawo atamuzolowera. Tizilombo ta phylloxera titawononga minda ya mphesa kuyambira m'ma 1860, vinyo anakwera mtengo, anthu wamba nkukhamukira ku absinthe. Pofika 1910 dziko la France linkamwa malita 36 miliyoni pachaka. Pamsika waukulu chonchi panalowa achinyengo: ena ankagwiritsa ntchito mowa wosayeretsedwa bwino, kubiriwitsa ndi mchere wamkuwa, nkuthiramo mankhwala otchedwa antimony kuti uchite mbuu. Zimenezi zinalidi poizoni.

Dokotala wina wa ku Paris, Valentin Magnan, anayesa mafuta okhaokha a Artemisia pa mbira, mbirazo nkuyamba kuphupha ngati zagwa khunyu, iye nkunena kuti absinthe amawononga ubongo mosiyana ndi mowa wina. Alimi a mphesa, omwe ankafuna makasitomala awo abwerere, anagwirizana nazo msanga, chimodzimodzinso magulu odana ndi mowa. Mu 1905 mlimi wina wa ku Switzerland, Jean Lanfray, anapha mkazi wake ndi ana ake awiri. Tsikulo anali atamwa matambula awiri a absinthe, komanso vinyo wochuluka ndi cognac, koma manyuzipepala anangogwira absinthe yekhayo. Belgium inaletsa mu 1906, anthu a ku Switzerland anavota mu 1908 ndipo chiletso chinayamba mu 1910, America inatsatira mu 1912, France mu 1915. Britain, Spain ndi dziko la Czech sanaletsepo.

Thujone alipodi mu Artemisia, ndipo akachuluka kwambiri amachititsa kuphupha. Masomphenya ayi. Mu 2008 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Dirk Lachenmeier linapima mabotolo 13 otsala a nthawi chiletso chisanabwere, nkupeza kuti avereji yake inali pafupifupi mamiligalamu 25 pa lita. Malire a lero ku European Union ndi mamiligalamu 35 pa kilogalamu kwa mowa wopangidwa ndi Artemisia, kutanthauza kuti absinthe wakale wambiri akanaloledwa lero lomwe. Ku America malire ndi 10, ndipo mabotolo abwino kwambiri amakwanira m'malire amenewa osataya kukoma. Munthu woti amwe absinthe mpaka thujone kumuvulaza, mowa weniweniwo ukhala utamupha kale. Choopsa ndi mafuta okhaokha a Artemisia ogulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono: amenewo samwedwa, pali anthu omwe anagonekedwa m'chipatala impso zitaleka kugwira ntchito.

Ndiye botolo likamadzitama ndi nambala ya thujone, dziwani kuti wopangayo alibe china chodzitamira.

Kuwerenga pepala la pabotolo

Yambani ndi mawu onena za kutcheza: distilled m'Chingelezi, distillée m'Chifalansa, destilliert m'Chijeremani. Wotcheza amanyadira ntchito yake, salephera kulemba, ndipo nthawi zambiri amatchulanso dzina la fakitale ndi tauni yomwe ili. Pepala likangolankhula za alakatuli a ku Paris ndi kamkazi kamapiko, osatchula momwe mowawo unapangidwira, kayikirani.

Kenako tembenuzani botolo muone zolembedwa kumbuyo ndi tizilembo ting'onoting'ono. E102 ndi utoto wachikasu, E133 ndi wabuluu, ukawasakaniza umapeza kubiriwira kowala kuja. Pamabotolo a ku America amalemba FD&C Yellow 5 ndi Blue 1, kapena kungoti artificially colored. Mukaona zimenezi, libwezeni pashelefu. Kubiriwira kwachilengedwe kumapendekera ku chikasu, ngati mafuta a olive kapena tsamba lanthete la mango likayamba kukhwima, ndipo kumaopa dzuwa. Nchifukwa chake verte wabwino amakhala m'botolo lakuda kapena lobiriwira kwambiri. Verte wowala ali m'galasi loonekera, pansi pa magetsi a m'sitolo miyezi ndi miyezi osasuluka, ndiye kuti ndi utoto basi. Blanche alibe vuto limeneli, botolo loonekera nlabwinobwino kwa iye. Absinthe wofiira ngati magazi, wakuda kapena wabuluu, musataye naye nthawi pogula koyamba.

Mawu oti liqueur nawonso ndi chenjezo. Ku Ulaya mowa umatchedwa liqueur ukakhala ndi shuga wosachepera magalamu 100 pa lita, pomwe absinthe sathiridwa shuga m'botolo. Shuga amawonjezera womwa yekha ngati akufuna. Musasokonezenso ndi pastis, monga Ricard yemwe anayamba mu 1932 kudzaza malo omwe absinthe anasiya: amachitanso mbuu, amakoma mwa iye yekha, koma amapangidwa ndi anise wa nyenyezi ndi liquorice, ndipo Artemisia absinthium si maziko ake.

Za ukali, malire omveka ndi 45% mpaka 74%. Blanche wambiri amakhala pa 53% kapena 55%. Wa Pernod Fils wakale anali 68%. Botolo la 80% kapena 89% likungosaka anyamata ofuna kupikisana.

Pali chizindikiro china chomwe anthu amachitchula kwambiri: kalembedwe koti absinth, kopanda e kumapeto. Nzoona kuti mowa wa ku Czech womwe unasefukira ku Britain kuyambira 1998 unkalembedwa choncho, ndipo wambiri mwa iwo unalibe anise wokwanira, sunkachita mbuu, unali wowawa ndi wopakidwa utoto. Koma Absinth ndi kalembedwe wamba ka Chijeremani, ndipo ku Germany, ku Switzerland, ngakhale ku Czech komweko kuli otcheza aluso masiku ano. Chilembo chimodzi chisakuweruzireni. Mawu oti Bohemian style, kutanthauza kapangidwe ka ku Czech kaja, ndi omwe akunena zoona zake: musayembekezere absinthe wa mtundu wa ku France kapena Switzerland.

Mayeso a madzi

Pepala litha kunama, madzi sanama. Ngati pali bala yomwe imagulitsa absinthe patambula, lawani kumeneko musanagule botolo lonse.

Thirani mamililita 30 m'tambula yagalasi yoonekera, yokwana mamililita 200 kapena kuposerapo. Konzani madzi ozizira kwambiri mujagi, ayezi ali mujagimo, osati m'tambula. Mafuta a anise, otchedwa anethole, amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 20 kapena apo, ndipo ayezi akagwera mwachindunji m'mowa mumaona tizidutswa toyera tikuyandama ngati mafuta a nyama atazizira pamsuzi. Kukoma kumathawira mmenemo.

Donthezani madziwo pang'onopang'ono, dontho limodzi limodzi kapena kamtsinje kopyapyala ngati ulusi. Kasupe wagalasi wokhala ndi timipopi, yemwe mumamuona pazithunzi za mabala a ku Paris, ndi wokongola koma si wofunikira. Botolo lapulasitiki la madzi loboola chitsekerero ndi singano limagwira ntchito yomweyo. Tambula imodzi izitenga mphindi zitatu kapena zinayi.

Tsono yang'anitsitsani. Madontho oyamba amasiya timizere tamafuta tozungulirazungulira m'mowa, ngati mpweya wotentha pamwamba pa msewu wa tara masana. Kenako pansi pa tambula pamayamba kamtambo. Kamtamboko kamakwera pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pamatsala mzere wa mowa woonekera womwe umapyapyala madzi akamawonjezeka. Mzerewo ukazimiririka, mwayandikira muyezo woyenera. Afalansa amatcha kusintha kumeneku louche. Chimachitika nchakuti anethole amasungunuka m'mowa waukali koma osati m'madzi, ndiye ukali ukatsika amatuluka nkukhala timadontho tosaoneka ndi maso tomwe timabalalitsa kuwala.

Mbuu wabwino amaoneka ngati mkaka wothira madzi: mukayang'anitsa tambula kuwindo, kuwala kumadutsabe pang'ono, m'mphepete muli kachikasu kapena kabuluu. Akapanda kuchita mbuu, anise ndi wochepa kapena mulibe. Akachita mbuu nthawi yomweyo, kukhala gwaa ngati penti yoyera, nthawi zambiri ndiye kuti athiramo anise wa nyenyezi wambiri, yemwe ndi wotchipa poyerekeza ndi wobiriwira. Mudzamudziwanso pakamwa: lilime limachita dzanzi lolemera mpaka simumvanso china chilichonse. Kadzanzi pang'ono nkachibadwa kwa absinthe aliyense, koma kasamaphimbe zina zonse.

Fungo liyenera kutseguka madzi akamalowa, mpaka wokhala tsidya la tebulo alimve. Pakamwa muyambe kutsekemera kwa anise ndi fennel ngakhale mulibe shuga, pakati pabwere zitsamba, pomaliza kuwawa kofatsa kozizirira. Zolakwika zodziwika ndi izi: kuwawa kokanirira kukhosi kumasonyeza Artemisia wongoviikidwa kapena wogwiritsidwa ntchito pobiriwitsa m'malo mwa pontica, fungo ngati la kabichi wowiritsa kapena nsanza yonyowa limasonyeza kuti wotcheza anaumira, nkulola zomalizira za mumphika kulowa, kukoma ngati sipinachi kapena udzu wovunda ndiye kuti masamba obiriwitsira anakhalitsa m'mowa. Kuwotcha kwa mowa kukamamvekabe mutathira madzi okwanira, mowa woyambira unali wotchipa.

Madzi okwanira ndi angati? Magawo atatu mpaka asanu pa gawo limodzi la absinthe. Cholinga nchakuti m'tambula mukhale ukali wofanana ndi wa vinyo, 11% mpaka 14%. Masamu ake ngosavuta: gawani ukali wa pabotolo ndi chiwerengero cha magawo onse. Wa 68% ndi magawo anayi a madzi amatsika kufika 13.6%, ndi magawo asanu 11.3%. Wa 53% ndi magawo atatu amafika pafupifupi 13%. Wa 45% musamupitirize magawo atatu, amasukuluka. Yambani ndi madzi ochepa, lawani, wonjezerani. Obwezera m'mbuyo palibe.

Shuga ndi nkhani ya kukonda kwanu. Mwambo wa ku France ndi woika supuni yafulati yobowokabowoka pakamwa pa tambula, shuga wachibuma pamwamba pake, madzi nkumadontha pa shugayo. Foloko imagwira ntchito ngati supuni yoteroyo palibe. Anthu a ku Val-de-Travers ambiri samaika shuga mu la Bleue wawo. Tambula yoyamba ya botolo latsopano ilaweni yopanda shuga, kuti mumve chomwe mwagula.

Moto ayi. Zoviika shuga m'mowa nkuyatsa zinayamba m'mabala a ku Czech m'ma 1990, ndipo zinathandiza kubisa mowa womwe sukanachita mbuu. Shuga wopserera amapha fungo la zitsamba, ndipo mowa wa 68% umayaka ndi lawi labuluu losaoneka bwino pamalo owala. Ukatayikira pamkono kapena pansalu ya patebulo, madzulo amathera kuchipatala. Kugugudiza wosathira madzi nakonso nkungodzipsereza pakhosi.

Loyamba likhale liti

Kwa woyamba kumene, blanche wa ku Switzerland ndi poyambira pabwino. Ndi wofewa, ukali wake ndi wotsikirapo, ndipo popeza alibe mtundu, palibe utoto woti ukunamizeni. Ali ndi mbiri yakenso: chiletso cha 1910 chitabwera, anthu a ku Val-de-Travers anapitiriza kutcheza mobisa m'makhitchini ndi m'mashedi kwa zaka 95, ndipo mowa woyera unali wosavuta kuubisa kusiyana ndi wobiriwira. Lamulo litasintha pa 1 Malichi 2005, ena mwa iwo anangotulukira poyera ndi miphika yawo yomweyo. La Clandestine wa ku Couvet ndi Kübler wa ku Môtiers, onse a 53%, amachokera m'chigwa chimenechi ndipo amapezeka m'mayiko ambiri.

Wofuna verte ayang'ane ku Pontarlier ndi madera ozungulira: François Guy, wa 45%, ndi wopepuka ndipo anise wake ndi wobiriwira, Vieux Pontarlier, wa 65%, amamveketsa bwino Artemisia wa m'deralo. Ku Saumur, m'fakitale ya Combier, Ted Breaux wa ku New Orleans amatcheza mabotolo a Jade potsanzira absinthe wakale yemwe anamupima, ndipo Lucid, yemwe anatsegula msika wa America mu 2007, amachokeranso komweko. A Jade ndi odula ndipo kukoma kwawo nkolemera, mwina ndi a botolo lachiwiri kapena lachitatu. Pa Pernod samalani: kampaniyi inabweretsa absinthe wotchezedwa, wobiriwitsidwa ndi zitsamba, mu 2013, koma yemwe ankagulitsidwa zaka za m'mbuyo mwake anali ndi utoto, ndipo dzina lomweli lilinso pa mowa wa anise wa 40% womwe si absinthe. Werengani pepala.

Mtengo wa absinthe wotchezedwa umayandikana ndi wa whisky wabwino, ndipo wotchipa kwambiri ngokayikitsa. Koma kudula pakokha si umboni, chifukwa ena mwa mabotolo oipitsitsa, a thujone wodzitamira aja, ndi omwe amadulanso kwambiri. Powerengera kumbukirani kuti botolo la mamililita 700 limatulutsa matambula 23, la 500 limatulutsa 16. Opanga ena amagulitsa timabotolo ta mamililita 200, tomwe ndi tanzeru kwa munthu yemwe sanadziwe ngati anise amamukonda.

Tambula imodzi ya mamililita 30 a 68% ili ndi mowa weniweni mamililita 20, kuposa botolo la mowa wa 5% la mamililita 330, lomwe lili ndi 16.5. Popeza amatsika mofewa ngati chakumwa chozizira, nkosavuta kuiwala zimenezi. Matambula awiri ndi madzulo okwanira, ndipo chiwongolero chisiyireni wina.

Botolo lisungeni choimirira, m'kabati yamdima, kutali ndi chitofu ndi windo. Mufiriji musaikemo, anethole amaundana. Zikachitika mwangozi, liikeni pamalo ofunda pang'ono nkulikhutchumula mpaka tizidutswato titasungunuka. Chitsekerero cha khungwa la mtengo (cork) chimadyeka ndi mowa waukali chonchi, nchifukwa chake siligonekedwa ngati vinyo. Verte wachilengedwe akakhala chaka chimodzi kapena ziwiri amayamba kusanduka wachikasu, kenako wofiirira ngati tsamba louma, mtundu womwe Afalansa amautcha feuille morte. Sanawonongeke, ndipo nthawi zambiri amakhala atafewerapo. Likatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, thirani otsalawo m'kabotolo kakang'ono kotseka bwino, kuti mpweya wodzaza m'botolo lalikulu usauluze fungo.